Pampu ija yasiya kuyaka n'kuzima, vuto ndalipeza

Mwezi watha ndinafunsa chifukwa chake pampu ya kudimba langa la tomato inkangoyaka n'kuzima kangapo pa mphindi imodzi, chikhalirecho ndinailumikiza ku Arduino (kakompyuta kakang'ono kolamulira zipangizo) ndi sensa yoyeza chinyezi cha nthaka. Ambiri munati ndiyang'ane sensayo, ndipo munalondola.

Nditaizula ndinapeza timiyendo take tiwiri titadyeka. Sensa yamtundu umenewu imadutsitsa magetsi m'dothi lonyowa, ndipo magetsiwo ndi amene amadya chitsulocho, makamaka pamene pathiridwa feteleza. Ndagula ina ya capacitive, yomwe chitsulo chake n'chokutidwa. Kumutu kwake kokha ndi kumene kuli poyera, ndiye ndamatako guluu kuti madzi asalowe.

Koma cholakwa chachikulu chinali changa. Ndinali nditaika malire amodzi okha, choncho nambala yochokera ku sensa ikangowadutsa pang'ono pampu inkayaka, madontho awiri akagwa inkazima. Tsopano malire ndi awiri: imayaka nthaka ikaumadi, n'kuzima pokhapokha madzi atalowa mokwanira. Arduino Uno imawerenga kuyambira 0 mpaka 1023, ndipo pa sensa yatsopanoyi nambala imakwera nthaka ikamauma. Ndinayamba ndayeza dothi louma ndi lonyowa la pamalo pomwepo, chifukwa mchenga ndi makande sizifanana.

Sensayo ndaisunthanso. Inali pafupi kwambiri ndi podonthera madzi, pano ili pakuya kwa masentimita 15, pamene pali mizu. Papita masabata atatu, madzi a m'thanki akukhalitsa ndipo tomato sakufotanso masana. Zikomo nonse amene munandithandiza.