Msana ukundivuta, ndiyambe yoga ya mtundu wanji?

mai_wa_twins
Abale ndithandizeniko maganizo. Ntchito yanga ndi yokhala pa kompyuta tsiku lonse ndiye msana wakumunsiku wayamba kundisowetsa mtendere, kuchipatala akuti palibe chachikulu ndizingopanga masewera olimbitsa thupi, mnzanga wina akuti yesa yoga. Ndalowa pa YouTube mayina ake ndi mbwee, hatha, vinyasa, ashtanga, yin, ina akuti Bikram, mutu wangozungulira. Zimasiyanadi izi kapena ndi mayina chabe? Komanso thupi langa ndi louma zedi, ndikawerama manja amangothera m'mawondo kkkk

chimz_wa_zomba
Zimasiyana asisi, kwambirinso. Ashtanga isiyeni kaye, imeneyo ndi ya anthu amphamvu, mumapanga zomwezomwezo motsatana tsiku ndi tsiku osapumira ndipo mikono imalira. Vinyasa ndi m'bale wake, mumasintha kaimidwe motsatira mpweya, mukapumira mkati uku mwakweza manja, potulutsa mwawerama, koma imathamanga ndiye munthu wachilendo amangotsalira n'kumapanga zolakwika.

Inu sakani hatha ya oyamba kumene, imene imayenda pang'onopang'ono, kapena yoga ya Iyengar, yotchedwa ndi dzina la amene anaiyambitsa. Chosangalatsa n'chakuti Iyengar wa ku Pune ndi Pattabhi Jois amene anatchukitsa ashtanga ku Mysore onse anaphunzira kwa mphunzitsi mmodzi ku India, Krishnamacharya, koma njira zawo zinatalikirana. Iyengar anali wodwaladwala ali mwana, mwina n'chifukwa chake njira yake imalabadira anthu a matupi ovuta, amagwiritsa ntchito malamba, mabulangete, mipando ndi timatabwa kuti pamene dzanja silikufika pansi, pansipo pakwere kukupezani. Musagule kanthu, chitenje chimakhala lamba, mabuku okhuthala awiri ndi timatabwa tanu basi.

dada_wa_joni
Ine kuno ku Johannesburg ndinapangako ya Bikram ija, mayo ine. Amatenthetsa chipinda kufika madigiri 40, kaimidwe 26 komweko nthawi zonse, mphindi 90 thukuta lili kamukamu ngati uli ku Nsanje mu Okutobala. Ukatuluka umamva kupepuka inde koma kutenthako kumakunamiza kuti wafewa, umakoka mnofu mopitirira mawa lake n'kumayenda chotsimphina. Ngati muli ndi BP kapena ndinu oyembekezera musayerekeze. Ndipo pa YouTube siitheka, mutenthetsa ndi chani, mbaula?

naphiri88
Koma inu zimenezi si zachipembedzo cha amwenye? Kutchalitchi kwathu anatiletsa ife

chimz_wa_zomba
@naphiri88 kuti inachokera ku India ndipo mizu yake ili mu chihindu zimenezo n'zoona sitingabise. Koma zimatengera kalasi yake. Mu yoga yotchedwa Kundalini ndiye muli kuimba mawu awo ndi kusinkhasinkha kwambiri, ngati mtima sukulola ilambalaleni. Makalasi ambiri a hatha ndi kudziwongola ndi kupuma basi, akayamba kuimba Om, liwu lopatulika la chihindu, inu khalani chete palibe angakukokeni pakamwa.

sisi_thoko_uk
Ndiwonjezereko za yin poti palibe wainena. Imeneyo mumakhala kapena kugona pamkeka, kaimidwe kamodzi mphindi 3 mpaka 5 osasuntha, imaoneka ya ulesi koma m'chiunomu mumamva ndithu. Ndi yabwino usiku musanagone. Chabe kuti yokha siilimbitsa minofu ya pamimba ndi ya msana, pamene munthu wokhala pampando tsiku lonse ndi zimene akusowa, ndiye ine ndingati hatha kawiri katatu pa sabata, yin tsiku limene mwatopa. Powerama pindani mawondo pang'ono, musalimbane ndi kugwira zala zakumapazi. Ndipo ululu ukamatsikira kumwendo kapena phazi likamachita dzanzi siyani pompo mubwerere kuchipatala, umenewo ungakhale mtsempha wapanikizika.

mai_wa_twins
Zikomo nonse, ndiyamba ndi hatha yo. Pali amene akudziwa vidiyo yosapitirira mphindi 20 yoti ndingodawunilodiratu ku ofesi? Bandulo yake siyingapirire tsiku lililonse