Gulu la Banja: Nyama ya Khirisimasi ku Chitakale

Achemwali aakulu: Mwaswera bwanji nonse? Paja tinagwirizana kuti chaka chino Khirisimasi tidyere kuno ku Chitakale. Tikhala anthu 16 kuphatikiza ana. Ndikufuna tiwotche nyama ya ng'ombe yathunthu mu uvuni, osati yoduladula ija timaphika masiku onse. Sindinayambe ndayesapo, ndiye odziwa tithandizeni.

Amalume a ku Luchenza: Taswera bwino mwana wanga. Nkhani iyambire pogula. Ng'ombe zathu zakuno zimayenda mitunda, zilibe mafuta ambiri, ndiye si paliponse pamene pangawotchedwe. Kubutchala unene kuti ukufuna topusaidi, mnofu wam'kati mwa ntchafu, chibanthu chimodzi chopanda fupa. Akakana kuti palibe, tenga rampu, mnofu wa kumatako. Miyendo ndi khosi ayi, zimenezo n'za msuzi. Uwauzenso asachotse kamafuta kapamwamba kaja, ndi kamene kamateteza nyama isaume.

Achemwali aakulu: Makilo angati amalume?

Amalume a ku Luchenza: Werengera magalamu 250 pa munthu, chifukwa ikapsa imanyala. Anthu 16 ndi makilo 4. Koma zisakhale chibanthu chimodzi.

Azakhali a ku Bvumbwe: Eya, ndipo ndikufuna kuikapo mawu pamenepo. Agogo ndi akuluakulu ena sadya nyama yooneka kufiira m'kati, tisadzinamize. Topusaidi ukaiwotcha mpaka kufiira konse kuthe imauma, mano a agogo sangaithe. Tigule makilo 2 a topusaidi ya mu uvuni, makilo ena 2 akhale chidale kapena linunda. Zimenezi zili ndi mafuta ndi mitsempha imene imasungunuka ikakhalitsa pamoto wochepa. Tiziphika mu poto pa mbaula, zidzafewa zoti ungadule ndi supuni.

Mlamu wa ku Limbuli: Zoona azakhali. Magetsi akathima tidzakhalanso tili ndi pogwira.

Amalume a ku Luchenza: Tsiku logula ndi pa 22, osati m'mawa wa pa 25. Nyama ya ng'ombe yophedwa tsiku lomwelo imakungika, minofu imalimba pakapita maola ochepa, ndipo ngakhale uiphike bwanji imakhalabe yolimba. Ikagona masiku 3 mu filiji imamasuka yokha. Iikidwe pa mbale pansi penipeni pa filiji, osati mu fiza. Muonetsetsenso kuti ili ndi chidindo cha a zaumoyo wa ziweto.

Mphwathu wa ku Blantyre: Ine ndimamva kuti chinanazi chimafewetsa nyama. Kwanu ku Mulanjeko n'chosasowa, bwanji tiinyike usiku wonse?

Azakhali a ku Bvumbwe: Ayi mwanawe, usiku wonse ayi. Chinanazi chachiwisi chimadya mnofu. Kunja kumasanduka phala pomwe m'kati simunafike chilichonse. Chimathandiza pa nyama yodula mopyapyala, ndipo mphindi 30 zokha. Masamba a papaya chimodzimodzi. Pa chibanthu chachikulu mchere ndi wokwanira: supuni yaikulu imodzi pa makilo 2, kupaka mbali zonse madzulo a pa 24, n'kubwezera mu filiji osavundikira. Mchere umalowa m'kati, kunja kumauma, ndipo kuuma kumeneko ndi kumene kumachititsa kuti ipse mofiirira bwino. Chinanazicho tidzadya titakhuta.

Achemwali aakulu: Nanga tsikulo ndiyambe bwanji? Ndilembereni ndi nthawi yomwe, tikufuna kudya 1 koloko tikachokera kutchalitchi.

Mlamu wa ku Limbuli: Alamu, 9:40 itulutseni mu filiji ikhale ola limodzi yovundikira, kuti kuzizira kuchoke. Ikalowa yozizira kunja kumapserera m'kati musanatenthe. Ipukuteni, pakani mafuta ophikira masupuni 2, tsabola wakuda ndi adyo wosinja. Imangeni ndi ulusi wa thonje malo atatu kapena anayi kuti ikhale yolingana kukula, apo ayi mbali yopyapyala idzayamba kupsa. Mu thireyi yalani anyezi 2 odula pakati ndi karoti 3, nyama pamwamba pake, mafuta ayang'ane kumwamba. Uvuni uyatsidwe 10:20 pa madigiri 220. Nyama ilowe 10:40, ikhale mphindi 20, kenako tsitsani moto kufika 180. Kuchokera apo ndi mphindi 20 pa theka la kilo lililonse, ndiye ola limodzi ndi mphindi 20. Itsike 12:20.

Mlamu wa ku Limbuli: Musamatsegule chitseko pafupipafupi, kutentha kumathawa. Kawiri basi, kuti muthire pamwamba madzi ake otsikira mu thireyi. Anyezi akayamba kuda onjezani theka la kapu ya madzi.

Achemwali aakulu: Ndidziwa bwanji kuti yapsa? Kuopa kwanga kuli pamenepo.

Mphwathu wa ku Blantyre: Ndibweretsa kachipangizo kobaya pa nyama koyezera kutentha. Pakati penipeni pakafika madigiri 60 mpaka 63 muitulutse achemwali, imapitiriza kupsa ili panja. Ikadutsa 70 ndiye yauma.

Amalume a ku Luchenza: Popanda kachipangizoko, baya kampeni kowonda pakati, werenga mpaka 10, ukaike kuseri kwa dzanja. Kakazizira sinapse, kakatentha koma kopiririka yafika. Timadzi tofiirira timene timatuluka si magazi, magazi amatha pophera pomwepo. Ndi madzi a mnofu. Muwafotokozere ana asachite mantha.

Azakhali a ku Bvumbwe: Chachikulu n'choti isadulidwe ikangotuluka. Ikani pa mbale, fundikani foyilo mosakanikiza, ipume mphindi 30. Mukafulumira madzi onse amathera pa thabwa, nyama n'kutsala youma. Nthawi imeneyo ndi yopanga msuzi: thireyi ija pamoto, fulawa masupuni 2, takasani mphindi 2, thirani makapu 2 a madzi otentha pang'onopang'ono uku mukupala zokakamira pansi, kukoma kuli mmenemo. Sefani. Podula chotsani ulusi, yang'anani kumene mizere ya mnofu ikulowera, mudule mopingasa ndiponso mopyapyala. Mukatsata mizere ija imatafunika ngati chingwe.

Achimwene a ku Thyolo: Ya mu poto ndigwira ine. Ndiyamba 8:30. Kuikazinga kaye mbali zonse mpaka ifiire, anyezi, tomato 4, madzi ofika theka la nyama, kuvundikira. Makala ochepa pansi, ena pamwamba pa chivundikiro monga timachitira chigumu. Izingobwata pang'onopang'ono maola 4, kutembenuza ola lililonse. Ikawira mwamphamvu imalimba. Thumba la makala ndibweretsa, mvula ikagwa tiphikira pakhonde.

Azakhali a ku Bvumbwe: Mbatatesi, kabichi ndi tomato ndigula kuno pamsika. Mpunga wa Kilombero makilo 3 ndani?

Mphwathu wa ku Blantyre: Ine azakhali, foyilo ndi ulusi womwe.

Amalume a ku Luchenza: Ufa wa nsima uchokera kwa ine, agogo sangagone ndi mpunga wokha. Mawa ndikafunsa mtengo wa kilo n'kuuza abutchala atisungire zibanthu ziwirizo. Ndikalemba pano, banja lililonse litumize gawo lake pa Airtel Money kapena Mpamba pasanafike pa 20.

Achemwali aakulu: Zikomo kwambiri nonse, ndalemba zonse mu kope. Achimwene, mubwerenso ndi mpeni wanu waukulu uja, munole.