Thandizeni, mpunga wanga wachita madontho ngati dzimbiri

Membala wosatchula dzina: Akuluakulu, mutu waima. Ndimakhala ku Area 25 koma ndinabwereka munda ku Lifuwu, ku Salima, ndinadzala Kilombero. Woyang'anira ndi mlamu wanga, munthu wosayankha foni, ukatumiza ya aganyu amayamba wadyako kaye, koma imeneyo ndi nkhani ina. Dzulo wandiuza kuti mpunga wapinimbira, masamba ali ndi madontho ngati dzimbiri. Wina m'tauni muno akugulitsa botolo, akuti muli mabakiteriya osungunula zinki (mchere wina umene mbewu zimafuna kuti zikule bwino) m'nthaka. Ndigule? Ndalama zake ndi za banki nkhonde, mayi akunyumba sakudziwa.

Mlimi wa ku Mitundu: MBEYA BASI! Ndowe, gaga, phulusa, feteleza pang'ono, mangani m'thumba masiku 21. Za m'mabotolozi n'zodyera anthu a m'tauni.

Mayi wa ku Kawale: Ulimi wa pafoni umenewo bambo. Ine mchimwene wanga weniweni anagulitsa matumba anga a feteleza n'kumati mvula inakokolola. Kwerani minibasi mukaone nokha.

Wophunzira ku Bunda: Munawokera liti, ndipo munathira feteleza wanji? Kusowa zinki kumaoneka pakatha milungu iwiri mpaka inayi chiwokereni, makamaka pamene madzi amangodikha osaphwa. Mabakiteriyawo aliko ndithu, monga Bacillus ndi Pseudomonas. Amatulutsa asidi amene amamasula zinki yomwe yamangika m'dothi kuti mizu iyamwe. Koma sabweretsa zinki yatsopano, ndipo ndi amoyo: botolo likakhalitsa padzuwa amafa, ngati inokulanti ya soya ija. Ambiri amawagwiritsa ntchito poviika mizu ya mbande powokera.

Mlimi wa ku Mitundu: Chizungu chambiri, khasu simunaligwirepo. Agogo athu ankadziwa Basilasi? MBEYA!

Wophunzira ku Bunda: Achimwene, phulusa lanulo limachepetsa asidi m'nthaka, zinki n'kumangika kwambiri. Pa chimanga chanu mwina zikuyenda, koma apa tikunena mpunga wa m'madzi.

Mlimi wa ku Mitundu: Ndiye mukunditukwana? Bwerani mudzaone nkhokwe yanga.

Wa kabaza wa ku Mchesi: Mabakiteriya ogula? Bwerani ndikutungireni madzi a mumtsinje wa Lilongwe, aulere 😂

Agogo a ku Nkhotakota: Phwetsani madzi m'munda masiku angapo, dothi lipume. Ife ku Bua timatero.

Wogulitsa zaulimi: Yang'anani pathumba la feteleza. NPK ya 23:10:5+6S+1.0Zn ili kale ndi zinki. Ngati mpunga wadwala kale, kupopera zinc sulphate pamasamba kumathandiza msanga kuposa botololo. Koma alangizi aone kaye, madonthowo akhoza kukhalanso matenda. Dothi kayezetseni ku Chitedze.

Mayi wa ku Kawale: Komanso awuzeni mayiwo za ngongoleyo, asadzamvere kwa amayi a banki nkhonde atabwera kudzanyamula sofa.

Membala wosatchula dzina: Zikomo nonse. Za fetelezazo ndimufunsa mlamu akayankha foni. Nanga botololo ndigule limodzi kapena awiri?

Mlimi wa ku Mitundu: Gulani gaga.