Ndikupita kukaphunzira ku Granada: n'chiyani chimasokoneza mlendo masiku oyamba?

Wa_ku_Zomba

Moni nonse. Ndapeza malo a digiri yachiwiri ku yunivesite ya Granada ku Spain, ndipo ndinyamuka kumayambiriro kwa Sepitembala. Visa yatuluka kale. Chisipanishi ndimadziwa cha m'kalasi chokha. Inu amene mumadziwa moyo wa kumeneko ndithandizeni: ndi zinthu ziti za tsiku ndi tsiku zimene zimamuzunguza mutu munthu wongofika kumene? Za malo okaona ayi, ndikufuna za chakudya, nyumba, mapepala ndi khalidwe la anthu. Ndine mtsikana ndipo ndikakhala nyumba imodzi ndi ophunzira ena.

Malume_a_ku_Valencia

Achemwali, choyamba kukuvutani ndi wotchi, chilankhulo chibwera pambuyo. Nkhomaliro kumeneko amadya cha m'ma 2 koloko mpaka 3 koloko masana, chakudya chamadzulo 9 kapena 10 koloko usiku. Mukalowa mu lesitilanti 6 koloko madzulo njala itakupotolani, akuuzani kuti kukhitchini atsegula 8 koloko. China chimene chimachititsa zimenezi n'chakuti kuyambira 1940 dzikoli limayendera nthawi ya ku Berlin, likulu la Germany, ngakhale lili kumadzulo kwambiri, ndiye wotchi imathamanga kulisiya dzuwa m'mbuyo. Mu Juni kumada cha m'ma 10 koloko usiku, pomwe mu Disembala 8 koloko m'mawa dzuwa limakhala lisanatuluke.

Musalimbane nayo nthawiyi, ingoitsatirani. Cha m'ma 11 koloko idyani kenakake, monga tostada con tomate, buledi wowotcha wopaka tomato ndi mafuta a olivi. Chakudya chachikulu chikhale cha masana. Mkati mwa sabata malo ambiri amagulitsa menú del día: mbale yoyamba, yachiwiri, buledi, chakumwa ndi chotsekemera kapena khofi, zonse pa mtengo umodzi. Yunivesite ilinso ndi malo ake odyera, comedores universitarios, otchipa kuposa amenewa.

Timasitolo ting'onoting'ono timatseka kuyambira 2 koloko mpaka cha m'ma 5 koloko. Lamlungu masitolo akuluakulu ambiri monga Mercadona satsegula, choncho gulirani zonse Loweruka. Samalaninso ndi maholide a 12 Okutobala, 1 Novembala, 6 ndi 8 Disembala. Holide ikagwa Lachiwiri kapena Lachinayi, anthu ambiri amalumikiza tsiku lapakatilo ndi mapeto a sabata, amati puente, ndipo m'maofesi ntchito imayenda pang'onopang'ono.

Poimba foni kwanu: kuyambira Lamlungu lomaliza la Malichi mpaka Lamlungu lomaliza la Okutobala nthawi ndi yofanana ndi ya ku Malawi. Miyezi inayo Spain imatsalira ndi ola limodzi.

Kalaliki_wa_mapepala

Ine ndinena za mapepala, chifukwa ndi pamene ambiri amalirira. Ngati maphunziro anu aposa miyezi isanu ndi umodzi, mufunika khadi ya alendo yotchedwa TIE, ndipo muyenera kuifunsira mwezi umodzi usanathe chilowereni m'dzikomo. Yambani ndi empadronamiento, kulembetsa ku ayuntamiento, ofesi ya khonsolo ya mzinda, kuti mumakhala nyumba yakutiyakuti. Akafuna pasipoti ndi kontrakiti ya lendi yokhala ndi dzina lanu, kapena chilolezo cholembedwa ndi mwini nyumba. Vuto limayambira apa: eni nyumba ena amapereka chipinda popanda kontrakiti ndipo amakana kukusainirani. Funsani musanapereke ndalama: "¿Puedo empadronarme aquí?" (kodi ndingalembetse kuti ndimakhala pano?) Akakana, fufuzani kwina.

Kenako pezani pa intaneti cita previa, ndiye kuti tsiku ndi nthawi yosungitsiratu, yokadinditsa zala ku polisi. Popanda cita sakulandirani ngakhale mufike m'bandakucha. Malo amatha msanga mu Sepitembala ndi Okutobala, ndiye yambani kuyesa tsiku lomwe mwafika, ndipo sungani umboni wake. Popita tengani fomu EX-17, pasipoti ndi fotokope yake, chithunzi chaching'ono cha kumbuyo koyera, kalata yolembetsera ku yunivesite, ndi fomu 790 código 012 yolipiridwa kale kubanki, pafupifupi mayuro 16. Ku polisi salandira ndalama, ndipo amene wafika asanalipire amabwezedwa. Khadi imatuluka pakatha mwezi kapena kupitirirapo. Muziyenda ndi chiphaso nthawi zonse, chifukwa apolisi ali ndi mphamvu yokufunsani, ndipo anthu akuda amaimitsidwa kawirikawiri kuposa ena.

Za nyumba: funsani ngati gastos, ndiye kuti magetsi, madzi, gasi ndi intaneti, zili m'kati mwa lendi. Nyumba iliyonse ili ndi malire a mphamvu ya magetsi imene analembetsa, zambiri 3.45 kapena 4.6 kW. Mukayatsa uvuni, hita ndi makina ochapira nthawi imodzi, magetsi amazima nyumba yonse. Sikuti athima dera lonse ayi. Zimitsani chimodzi, pitani pa bokosi la pafupi ndi chitseko, tsitsani switchi yaikulu, dikirani pang'ono n'kuikwezanso. Granada ili m'munsi mwa mapiri a Sierra Nevada, ndipo mu Januwale usiku kumazizira kufika pa 0, pomwe nyumba zambiri zakale zilibe zotenthetsera. Mapulagi a kwathu a mano atatu salowa, kumeneko ndi a mano awiri ozungulira, ndiye tengani adaputa.

Mayi_Mphunzitsi

Mwanangu, zimene anena anzangawa n'zoona, koma chimene chimapweteka mumtima ndi nkhani ya ulemu. Ife tinakula tikuti "inu" kwa aliyense wamkulu, tikuyang'ana pansi, tikulandira chinthu ndi manja awiri. Ku Spain wophunzira amaitana pulofesa ndi dzina lake loyamba n'kumuuza kuti tú, amene ndi "iwe". Poyamba lilime limakana. Yambani ndi usted, amene ndi "inu", makamaka kwa okalamba ndi kwa apolisi, koma akakuuzani kuti "tutéame" (nditchuleni tú), sinthani, chifukwa kukakamira usted kumamveka ngati mukudzipatula. Polankhula ndi munthu muyang'aneni m'maso. Kuwerama kumene kwathu ndi ulemu, kumeneko amakuona ngati mantha kapena kubisa kanthu.

Moni wa mtsikana kwa anzake, amuna ndi akazi omwe, ndi dos besos: masaya amagundana, kuyambira lamanja kenako lamanzere. Ngati simukufuna, tambasulani dzanja msanga mukumwetulira, sakwiya. Mukamva wina akuti "ponme un café" (ndipatse khofi), kapena anthu akukweza mawu n'kumadulana pakamwa, musaganize kuti pali ndewu. Ndi macheza chabe, ndipo amene amadikira kuti onse akhale chete kuti alankhule sadzalankhula, ngakhale m'kalasi.

Zitatu izi zimachititsa manyazi. Akakupatsani chakudya inu n'kukana mwaulemu poyembekezera kuti akukakamizeni, ambiri a msinkhu wanu amangoti "vale" (chabwino) n'kuchotsa mbale. Anzanu akati tiyeni tikamwe kanthu, aliyense amalipira zake pokhapokha wina atanena kuti "te invito" (ndikulipirira), ndipo pa tsiku lobadwa mwini tsikulo ndiye amagulira anzake. Chachitatu, kufika pakhomo pa munthu osapangana sikuchitika, anthu amakumana ku bar. Musaope dzinali. Bar ya kumeneko si bala ya kwathu: mumapezeka agogo akumwa khofi ndi ana akudya. Itanitsani mosto sin alcohol, madzi a mphesa osaledzeretsa, ndipo ku Granada chakumwa chimabwera ndi tapa, kachakudya kochepa kaulere.

Anthu a ku Andalucía, chigawo chimene muli Granada, amameza "s" wa kumapeto, moti "más o menos" imamveka "má o meno". Nenani "más despacio, por favor" (pang'onopang'ono chonde) mopanda manyazi. Ku kalasi amachonga kuyambira 0 mpaka 10, kukhoza ndi 5. Aphunzitsi ali ndi maola a tutorías oti muwapeze mu ofesi, ndipo ndi ufulu wanu, sikuwavutitsa.

Wa_ku_Zomba

Zikomo kwambiri nonse, mwanditsegula m'maso. Nanga nsima? Komanso sindidya nkhumba.

Malume_a_ku_Valencia

Nkhumba ndiye chenjerani nayo, imabisala. Mu lentejas (mphodza) amaikamo chorizo (soseji ya nkhumba), croquetas (timibulu tokazinga) zambiri ndi za jamón (nyama ya nkhumba youmitsa), ndipo msuzi wina amaphikira fupa la nkhumba. Mukangoti "sin carne" (popanda nyama) ena sawerengera jamón ngati nyama, choncho funsani motchula: "¿Lleva cerdo, jamón o chorizo?" (kodi muli nkhumba, jamón kapena chorizo?) Ku Granada mabutchala a halal alipo, makamaka cha ku Calle Elvira ndi m'munsi mwa Albaicín.

Ufa funani harina de maíz blanco precocida, wodziwika ndi wa P.A.N. wa paketi yachikasu, umene anthu a ku Venezuela amapangira arepas. Musagule Maizena, ameneyo ndi sitachi, amangopanga phala loterera. Popeza ufawu ndi wophikaphika kale, umalimba msanga ndipo umachita mibulu mukauthira m'madzi owira. Sungunulani kapu imodzi m'makapu atatu a madzi ozizira, ikani pa moto wochepa mukutakasa mpaka phala litakhuthala, kenako wazani ufa wina pang'onopang'ono, pafupifupi theka la kapu, mukuvundula. Mphindi khumi zakwana. Mthiko ndi chipande nyamulani kwanu. Ndiwo zamasamba ndi acelgas kapena berza, ndipo crema de cacahuete (chiponde) yopanda shuga imalowa m'malo mwa nsinjiro. Nyama ndi mkaka musanyamule m'chikwama, saloleza kulowa nazo.

Mayi_Mphunzitsi

Ndiwonjezere pa za kumsika. Pa benchi ya wogulitsa musagwire tomato kapena kumufinya ngati kwathu, lozani ndipo wogulitsayo akusankhirani. Mu supamaketi valani kagolovesi kapulasitiki kamene amaika pafupi ndi zipatso. Mitengo sanenerera. Mukapeza anthu angoima mosalongosoka pa butchala, mzere ulipo ndithu ngakhale sukuoneka. Funsani kuti "¿Quién es el último?" (womaliza ndani?), ndipo amene wayankhayo mumutsatire. Wina akabwera pambuyo panu n'kufunsa chimodzimodzi, muyankhe kuti "yo" (ine).