Makina opakira ufa akumangoima okha, koma PLC ili pa RUN

Fitala_Kanengo:
Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Tili ndi makina opakira ufa m'matumba a 50 kg, oyendetsedwa ndi PLC (kakompyuta kolamulira makina) ya Siemens S7-1200, CPU 1214C DC/DC/DC. Lamba wotulutsa matumba ali pa VFD (chipangizo chosinthira liwiro la mota), zitseko za sikelo zimatsegulidwa ndi mphepo kudzera pa ma solenoid (mavavu amagetsi) a 24V. Makinawa akumangoima ntchito ili mkati, tsiku lina kangapo, tsiku lina osaima n'komwe. Tikafika pa panelo getsi la RUN/STOP limakhala lobiriwira, la ERROR lozima. Tikadina start amayamba ngati palibe chachitika. Abwana akuti tigule CPU ina. Ndiyambire pati?

Mlonda_wa_Panelo:
Achimwene, auzeni abwana asunge kaye ndalama zawo. CPU yowonongeka siichira yokha n'kugwiranso ntchito tsiku lonse.

Getsi lobiriwiralo lisakunamizeni. CPU ikaikidwa pa Warm restart - RUN, magetsi a 24V akadukiza pang'ono imazima n'kudzukanso yokha, ndiye pomwe inu mukufika pa panelo yabwerera kale pa RUN. Chatsala n'chakuti bit (kachizindikiro ka 1 kapena 0 mu pulogalamu) imene imagwira start yafufutika, makina aima. Lumikizani laputopu, mu TIA Portal (pulogalamu ya Siemens ya pa laputopu) lowani Online & diagnostics, muwerenge Diagnostic buffer, kaundula wa zomwe zachitika mu CPU. Yambani mwakonza wotchi ya CPU, apo ayi nthawi zolembedwamo sizikuthandizani. Mukaona kuti yalemba kuzima ndi kuyaka pa nthawi yomwe makina anaima, vuto ndi magetsi, osati pulogalamu.

Kenako ikani mita yoyezera voteji pa L+ ndi M (+ ndi - ya 24V) pa CPU penipeni, osati pa power supply, ndipo muitchere pa MIN/MAX makina akuyenda. CPU imeneyi imafuna pakati pa 20.4V ndi 28.8V. Kuyeza makina ataima n'kutaya nthawi, mudzapeza 24V yabwinobwino nthawi zonse. Onaninso ngati wina sanapachike katundu wambiri pa 24V yotuluka mu CPU ija yodyetsa masensa. Malire ake ndi 400 mA basi.

Mai_Instrumenti:
Ndikugwirizana nawo akuluwa. Koma buffer ikapezeka yoyera, yang'anani ma input oimitsa makina. Emergency stop, maswitchi a zitseko ndi ma contact 95-96 a overload yoteteza mota zonse zimakhala zotseka makina akamayenda, ndiye waya umodzi ukagwedera pa terminal, PLC imamva ngati munthu wadina stop. Fyuluta ya input pa S7-1200 imabwera ili pa 6.4 ms, kutanthauza kuti kuduka kopitirira apo pang'ono kukwanira kuimitsa makina. Diso silingaone kagetsi ka input kakuphethira mwachangu chotero, ngakhale watch table (tebulo loonera ma input pa laputopu) imachedwa.

Tcherani msampha mu pulogalamu. Input iliyonse yokayikitsa ipatseni mzere wake: ikagwa kuchoka pa 1 kupita pa 0 makina ali mkati moyenda, ichite set M bit (bit ya memory) yakeyake, ndipo bit imeneyo isafufutike mpaka mutaifufuta nokha. Makina akaima muone yomwe yayaka. Ngati firmware ndi V4.0 kapena kuposa, Trace (chida cha mu TIA Portal chojambula kusintha kwa ma input) ichita ntchito yomweyo ndipo ikuwonetsani yomwe inayamba kugwa.

Pamakina a ufa olakwa amakhala omwewomwewo: sikuluu zomasuka ndi kunjenjemera kwa makina, fumbi pa diso la photo sensor, ndi proximity (sensa yomva chitsulo chikayandikira) yosuntha. Proximity ya M18 yolembedwa 5 mm muiike pa 4 mm kapena kuchepera, chifukwa 5 mm imeneyo amayezera pa chitsulo wamba. Pa stainless kapena aluminiyamu mtunda umachepa. Chonde musalumphitse emergency stop ndi kawaya, ndipo musasiye force (kuumiriza kuchokera pa laputopu) pa output pofuna kuti ntchito ipitirire. Chitseko cha mphepo chimadula chala.

Wamagetsi_Limbe:
Musaiwale VFD. Ili ndi mndandanda wake wa ma fault. Magetsi a ESCOM akatsika kapena posinthira ku jenereta imagwa pa undervoltage, relay yake n'kuuza PLC kuti iime, ndipo ngati ili pa auto reset mumaipeza yadzikonza kale. Chingwe cha mota chisayende mu ngalande imodzi ndi mawaya a masensa, ndipo shield yake (ukonde wachitsulo wokuta chingwecho) imangidwe ku earth mbali zonse ziwiri.

Fitala_Kanengo:
Zikomo nonse. Buffer yawonetsadi kuzima ndi kuyaka. Mita yagwira 17V pa MIN, ndipo zikuoneka kuti zimachitika chitseko cha sikelo chikamatseka. Power supply ndi ya 2.5A, ikudyetsa zonse. Ndiike ya 5A?

Mlonda_wa_Panelo:
Musathamangire. Werengani mawati olembedwa pa koyilo iliyonse ya solenoid. Koyilo ya 5W pa 24V imakoka pafupifupi 0.2A, ndiye ma solenoid awiri kapena atatu sangagwetse supply ya 2.5A yomwe ili bwino. Pali ziwiri. Mwina supply yakalamba, ma capacitor auma ndi kutentha, makamaka ngati sefa ya fani ya panelo yatsekeka ndi ufa. Kapena, ndipo ine ndikukayikira apa, chingwe cha sensa kapena cha solenoid chopita pa chitsekocho chasupuka pomwe chimapindika, ndipo chikumakhudza chitsulo chitseko chikasuntha. Supply ikaona short imatsitsa voteji kudziteteza, CPU n'kuzima. Mukaika ya 5A pa vuto lotere mungowonjezera moto pa waya wosupukawo.

Zimitsani, mukhome loko pa isolator, mutulutse mphepo yonse, ndiye mutsate chingwecho ndi dzanja mpaka pa gland, pomwe chimalowera mu bokosi. Poyesa, ikani clamp meter ya DC pa waya wa + wochoka pa supply, muone ngati ma amp akudumpha chitseko chikamatseka. Mukakonza, gawani 24V: CPU pa nthambi yake, masensa pa fyuzi yawo, ma solenoid pa ina. Ma output a CPU imeneyi ali ndi L+ yawoyawo, choncho mutha kuwapatsa supply yachiwiri, koma mulumikize M za supply ziwirizo pamodzi.