Masamba a Facebook a sukulu za mafupa, ndiwakhulupirire?

Wa ku Chinamwali:

Moni nonse. Ndine medical assistant, ndagwira zaka zinayi pa chipatala chaching'ono kumudzi kuno ku Zomba, ndipo mtima wanga wapita ku za mafupa. Chandikoka ndi njinga zamoto za kabaza. Mwezi watha anandibweretsera mnyamata atathyoka fupa la ntchafu, mwendo utafupika, phazi litagonera kunja. Ndinaumanga ndi matabwa awiri ndi chitenje cha mlongo wake, ndinam'patsa mankhwala opha ululu, ndinalemba kalata yom'tumiza ku chipatala chachikulu, basi nzeru zanga zinathera pomwepo. Usiku umenewo sindinagone bwino.

Ndiye ndakhala ndikutha bandulo ndikuyang'ana masamba a malo ophunzitsa za mafupa, a kuno kwathu ndi akunja omwe. Akunjawo, makamaka a ku America pa Instagram, eee, zokongola zokhazokha. Ophunzira akuseka m'fiyeta, chipinda chochitira opaleshoni, ena akuboola mafupa apulasitiki, ena ali kukwera phiri Loweruka ndi aphunzitsi awo. A kuno amaponya mwa apo ndi apo, kawirikawiri pakabwera alendo kapena pa tsiku lolandira masatifiketi. Kodi munthu angadziwe ubwino wa maphunziro poona tsamba lawo? Kapena ndikungodya ndalama za mayunitsi pachabe? Amene munadutsamo ndithandizeni.

Mkulu wa pa Matawale:

Mwana wanga, ine ndinapuma pa ntchito ndili orthopaedic clinical officer, wachipatala wa za mafupa koma osati dokotala, ndiye ndiyankhe monga ndikudziwira.

Maphunziro athuwa anayamba mu 1985, anawayambitsa ndi Dr Ed Blair wa ku Canada mothandizidwa ndi a Rotary. Ankatenga ma medical assistant ngati inuyo, amene agwirako kale ntchito, n'kuwaphunzitsa miyezi 18 ku Blantyre. Cholinga chinali choti boma lililonse likhale ndi munthu wodziwa kuwongola fupa, poti madokotala a opaleshoni ya mafupa anali owerengeka ndi zala za dzanja limodzi. Ife tinkamva za malo kudzera m'kalata yodutsa kwa a DHO, mkulu wa zaumoyo m'boma. Tsamba kunalibe, foni yake inali ya pa ofesi ya positi.

Zimene mukuona pa zithunzizo ndi fiyeta. Koma ntchito yathu yambiri si ya m'fiyeta ayi. Ndi kuviika chikhakha m'beseni la madzi, kuchikulunga madzi asanatenthe m'manja, n'kuchiumba ndi chikhatho osati nsonga za zala, chifukwa zala zimasiya maenje amene amabala zilonda mkati. Ndi kuzungulira wodi m'mawa kuona ngati cholemera chokokera mwendo chikulendewera, poti gadiyani wachifundo amachinyamula usiku n'kuchiika pa mpando kuti wodwala wake apumeko. Ndi kutsuka bala la fupa lotulukira kunja mpaka msana kuwawa. Ndi kudziwa kuti mwana amene wagwa mu mtengo wa mango n'kuthyoka pamwamba pa chigongono, uyambe wagwira kaye kugunda kwa mtsempha pa dzanja lake usanaganize zina. Ndani angajambule zimenezi? Sizikoka malayiki.

Mukafuna kudziwa malo, pezani munthu amene anamaliza chaka chatha. Mufunseni anawongola mafupa angati ndi manja ake, ndipo ndani ankaima pambali pake. Mufunsenso ngati makina ojambulira ankagwira ntchito masiku onse. Yankho lake n'loposa zithunzi zana.

Dokotala wamkazi, Blantyre:

Bambo a pa Matawale anena zoona, koma mundilole nditsutseko pang'ono, mwaulemu.

Choyamba, achimwene, masamba a ku America aja ali ndi chifukwa chake. Kumeneko wophunzira udokotala amene akufuna za mafupa ankapita kukakhala mwezi pa chipatala chimene akuchifuna, kuti aonane ndi eni ake. Mu 2020 Covid itatseka maulendo, kuyendera kuja kunaima, mayeso ofunsana pakamwa anasamukira pa kompyuta, ndiye mapulogalamu ambiri anatsegula Instagram kuti adzionetse kwa ofuna malo. Ndi malonda, ndipo kawirikawiri amene amaponya ndi ophunzira omwewo. Amasankha tsiku losangalatsa. Sangaponye nkhope ya munthu amene wachezera usiku wonse pa ntchito.

Ife kuno nkhani ndi ina. Malo ndi ochepa ndipo amadziwika: zipatala za Queens, Beit CURE imene inatsegulidwa mu 2002, ndi LION ku Kamuzu Central ku Lilongwe imene inayamba mu 2023. Madokotala ambiri timadzera ku yunivesite ya zaumoyo ya KUHeS kapena ku COSECSA, koleji ya madokotala a opaleshoni ya m'chigawo chino cha Africa imene inakhazikitsidwa mu 1999, zaka ziwiri za maziko kenako zitatu za mafupa. Palibe amene akulimbirana ophunzira ndi zithunzi. Ophunzira ndi amene akulimbirana malo.

Koma chithunzi chili ndi mphamvu yake. Pamene ine ndinali chaka chachinayi ku sukulu ya udokotala, aliyense ankandiuza kuti za mafupa n'za amuna, zimafuna minofu, iwe pita ku za ana. Tsiku lina ndinaona pa Facebook mayi wina wa dziko loyandikana nafe, wamfupi kuposa ine, atagwira chobowolera akulowetsa chitsulo m'fupa la ntchafu. Ndinachisunga chithunzicho m'foni zaka ziwiri. Sichinandiuze ngati sukulu yake inali yabwino, koma chinandiuza kuti khomo silinatsekedwe. Mwana wa ku Domasi kapena ku Jali amene sanaonepo dokotala wa mafupa angadziwire kuti zoti ntchitoyi ilipo?

Ndipo kunena zoona, kumene timaphunzirana kwenikweni ndi pa WhatsApp. Mnzathu wa kuboma amajambula X-ray ataigwirizitsa pa zenera, n'kuponya pa gulu, akuluakulu n'kumuyankha kuti uyu muike chikhakha, uyu m'tumize lero lomwe. Malonda a maphunziro afupiafupi amadzeranso momwemo. Pemphani wina akulowetseni.

Mayi ake a Mphatso, Chikanda:

Ine si wachipatala, koma mutu uwu wandikhudza. Mwana wanga anabadwa ndi mapazi opindika. Tinayenda naye sabata ndi sabata kukasintha chikhakha, kenako anam'cheka pang'ono kumbuyo kwa chidendene, kenako nsapato zija zolumikizidwa ndi chitsulo zogona nazo. Lero amathamanga, mpira sausiya. Amene anam'thandiza ndimawathokoza mpaka pano.

Koma tsiku lina kunabwera alendo odzaphunzitsa, malo ake sinditchula. Anatijambula, ine ndili ndi mwana pamiyendo, ndikuyamwitsa. Anandipatsa pepala la Chingerezi, ine n'kusayina poganiza kuti ndi la chithandizo. Munthu amene wagwira mapazi a mwana wako ungamukanize bwanji? Patapita milungu itatu mlamu wanga wa ku Johannesburg ananditumizira chithunzicho atachipeza pa Facebook, akufunsa kuti bwanji simunatiuze kuti mwana ndi wolumala. Nkhani tinkaisunga m'nyumba inafika kuchimuna konse. Apongozi anayamba zonena zawo, zoti kwathu kuli chiyani.

Ndiye achimwene a ku Chinamwali, mukamasirira zithunzizo muzikumbukira kuti mwendo uli pamenepowo uli ndi mwini wake.

Dokotala wamkazi, Blantyre:

Pepani kwambiri mayi. Zimenezo n'zolakwika, ndipo chilolezo chosayinidwa m'chinenero chimene munthu sanachimve si chilolezo. Muli ndi ufulu wowalembera kuti achichotse, ndipo dandaulo lotere likhoza kupita ku Medical Council of Malawi, bungwe loyang'anira madokotala. Tilinso ndi lamulo loteteza zinsinsi za anthu, Data Protection Act ya 2024. Ifenso pa WhatsApp paja timalakwa. X-ray imakhala ndi dzina ndi tsiku pakona, ndipo wina akathamanga amaiwala kuphimba ndi chala.

Kabaza wa pa Mpondabwino:

Inu pitani mukaphunzire msanga akulu, makasitomala anu ndife tomwe. Zithunzizo mudzaona mukabwerako.

Wa ku Chinamwali:

Zikomo nonse. Akabaza, chipewa chija muzivala, mutu sitiika chikhakha.

Mayi ake a Mphatso, mwandichititsa manyazi. Nditawerenga zanu ndinatsegula foni yanga, ndapezamo ma X-ray asanu ndi awiri a odwala anga, anayi maina akuonekeratu, ndi chithunzi cha mnyamata wa ntchafu uja atagona pa benchi, nkhope poyera. Ndinachitumiza kwa anzanga awiri a kusukulu tsiku lomwelo, osam'funsa. Ndafufuta zonse, ndawaimbiranso anzangawo kuti afufute. Mmodzi akuti anachitumiza kale kwina.

Bambo a pa Matawale, Loweruka ndikubwera m'tauni kudzagula simenti. Ngati simudzatanganidwa ndingakupezeni masana? Ndikufuna mundionetse zija za chikhatho ndi zala, ndibwera ndi bandeji yanga.