Utoto wa BODIPY ukuzima m'madzi, tiusinthe bwanji?

Akatswiri anzanga, ndithandizeni nzeru pa utoto wa BODIPY wounikira maselo amoyo. Kapangidwe kake ndi aka: magawo awiri a 2,4-dimethylpyrrole pa gawo limodzi la benzaldehyde mu DCM (dichloromethane, chosungunulira mankhwala) yopanda madzi, dontho la TFA (asidi wa trifluoroacetic), kenako DDQ (mankhwala ochotsa haidrojeni), triethylamine ndi BF3·OEt2. Mu DCM umawala mobiriwira bwinobwino, cha pa 510 nm. Koma ukangolowa mu PBS (madzi amchere okhala ndi phosphate) ya pH 7.4, ngakhale pa 10 µM, kuwala kumachepa kwambiri chifukwa mamolekyu amaunjikana n'kuzimitsana okhaokha.

Kodi kuli bwino kuika sulfonate (kagulu ka maatomu kokhala ndi chaji) pa malo 2 ndi 6 a molekyu ya BODIPY, kapena kulumikiza PEG (polyethylene glycol, molekyu yonga tcheni yosungunuka m'madzi)? Chondidetsa nkhawa n'chakuti sulfonate imathandizadi kusungunuka, koma chaji yake ingalepheretse utotowo kudutsa khungu la selo. Inu amene munayesapo PEG, yotalika bwanji imakwanira, ndipo munailumikiza pati?